KAKAPU KA MKODZO KADAMCHOTSA NTCHITO KU JONI: KODI MAKINA SANAMA?

Inu amayi ndi abambo amene mumalawirira ku Jenda kukapikula tomato, anyezi ndi mbatata ya kachewere zokagulitsa ku Kasungu, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, mwina mudagulapo kwa mlongo wanga osadziwa. Mpamba wa geni yakeyo udachokera ku Joni. Kuno ku Mzimba izi si zachilendo ayi. Mukaona nyumba ya malata, sola ili padenga, musafunse zambiri: pali wina wake ku South Africa.

Wa mlongo wangayo adali mwana wake woyamba. Adapita mu 2014 ndipo adapeza ntchito m'shedi ina yosungira katundu ku Johannesburg, kuyendetsa kagalimoto konyamula mabokosi kaja amati forklift. Mwezi uliwonse ndalama zinkabwera. Kenaka mu 2017 zidangoti zii. Patapita masabata angapo mnyamata uja adatsika galimoto ya matransipota pa Jenda ndi chikwama chimodzi basi, opanda filiji, opanda wailesi, opanda njinga.

Mbiri idali itafika kale iye asanafike. Amchotsa ntchito chifukwa cha chamba.

Kumudzi kwathu, kufupi ndi Embangweni, nkhaniyi idali m'kamwam'kamwa. Ku kwaya adamuuza kuti ayambe wapuma kaye. Akuchikazi, kumene tidali titapereka kale ng'ombe ziwiri za malowolo, adayamba kuzengereza. Mayi ake ankangolira. Ine ngati malume adandituma kukamufunsa, ndipo ndinene zoona, ndidapita nditamuweruza kale.

"Asibweni," adatero mnyamatayo, monga timaitanirana kwathu, "ine chibadwire sindidasutepo ngakhale fodya wamba. Koma ndikanatani? Kakapu kadanena."

Adandifotokozera mmene zidayendera. Lolemba lina m'mawa kudabwera namwino ndi bokosi la timakapu ta pulasitiki. Adasankha antchito mwa maere, aliyense nkumupatsa kakapu kuti akakodzeremo. M'mbali mwa kakapuko muli timapepala tosonyeza mizere. Apa musasokoneze ndi zoyezera mimba kapena HIV: pa kakapu kameneka mizere iwiri ndiye kuti uli bwino, mzere umodzi ndiye kuti wagwidwa. Pa malo a chamba, kake kadaonetsa mzere umodzi. Adakana. Adampatsa kakapu kena ka m'bokosi lomwelo, nako mzere umodzi. Bwana adati makapuwo amalondola 99 pa 100 alionse, ndiye kawiri konse angalakwe bwanji? Adamusainitsa pepala, nkumuonetsa geti.

Ine ndidabwerako ndili kakasi. Mwanayu ndidamulera ndekha ali ku sekondale, ndimamudziwa. Koma 99 pa 100, kawiri? Munthu ungatsutsane ndi nambala yotere?

Nkhaniyi ndidaitengera kwa mnzanga wina pa Mzimba boma, mdala amene adagwira ntchito ku labotale ya chipatala zaka zambiri asanapume. Adandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka adaseka.

"Akulu, funso lanu mwalifunsa chadodolido," adatero.

Adatuma mdzukulu wake kuti abweretse lichero, chimanga cha m'mbale ndi nyemba zofiira zodzaza dzanja. Zimene adandionetsa palicheropo ndi zimene ndikufuna mumve lero, chifukwa inu anthu a mumsika masamu mumawatha kuposa mabwana ambiri a m'maofesi. Manambala amene akubwerawa ndi ongoyerekeza kuti mfundo ioneke, si a kampani iliyonse.

Tinene kuti pakampani pali antchito 1,000. Mwa iwowa, amene adasutadi chamba masiku apitawa ndi 20. Mdala uja adaika nyemba 20 palichero. Otsala 980 ndi osasuta, ndiwo chimanga chija. Sitidawerenge njere zonse 980, tikadagona pomwepo, koma mulu udaoneka.

"Tiyambe ndi kakapu kolondola 95 pa 100," adatero. "Za 99 za bwana wanuyo tibwererako."

Kulondola 95 pa 100 kuli mbali ziwiri. Mbali yoyamba: mwa osuta 100 alionse, kamagwira 95. Ndiye mwa nyemba zathu 20 kagwira 19, imodzi yapulumuka. Adakankhira nyemba 19 pambali. Mbali yachiwiri: mwa osasuta 100 alionse, kamanena zoona pa 95, koma 5 kamawanamizira. Asanu pa 100 akuoneka ochepa, eti? Koma osasutawo alipo 980. Tengani pensulo: 5 pa 100 alionse a 980 ndi anthu 49. Adawerenga njere za chimanga 49 nkuziphatikiza ku nyemba 19 zija.

"Onani mulu uwu. Awa ndiwo aitanidwa ku ofesi ya bwana. Alipo angati?"

Ndidati 68.

"Osuta enieni ndi angati?"

Ndidayang'ana. Nyemba zofiira 19 zidali zitamira m'chimanga choyera. Mwa anthu 68 ogwidwa, 49 ndi osalakwa. Kunena kwina, munthu amene kakapu kamuloza pakampani yotere, mwayi woti adasutadi ndi pafupifupi 28 pa 100, osakwana ndi mmodzi mwa atatu omwe. Chikhalirecho pabokosi palembedwa 95, ndipo wolembayo sadaname.

Ndidati mdala mwandizembaitsa penapake. Tidabwereza kawiri. Yankho lomwelo.

Chinsinsi chake nchakuti pali mafunso awiri ofanana nkhope ngati mapasa koma osiyana mtima. Loyamba: munthu akakhala kuti wasuta, kodi kakapu kamugwira? Yankho ndi 95 pa 100, ndipo ndi limene limalembedwa pabokosi. Lachiwiri: kakapu kakagwira munthu, kodi wasutadi? Ili ndiye funso limene bwana amayenera kuyankha asanachotse munthu ntchito, koma yankho lake silili pabokosi. Limadalira kuti pagulu limene mukuyezalo osuta alipo angati.

Inu mumazidziwa izi. Mbava zambiri za mumsika zimayenda ndi jumbo m'manja, nzoona. Nanga aliyense woyenda ndi jumbo ndi mbava? Mbava pa tsiku zingabwere zisanu, ogula abwino onyamula majumbo ali zikwi. Mlonda amene angamagwire aliyense wa jumbo agwiradi mbava zonse zisanu, koma pofika madzulo adzakhala atagwiranso azibusa, anamwino ndi apongozi ake omwe. Ndipo tonse tidaonapo zimene zimachitika mumsika wina akangokuwa kuti "wakuba!" Amene wamenyedwa sabwezeredwa mano.

Mdala uja adasinthanso masewera. Adati tsopano tiyerekeze kuti kakapu komweko tapita nako kumalo kumene theka la anthu ndi osuta, 500 osuta ndi 500 osasuta. Kagwira osuta 475, nkunamizira osasuta 25. Ogwidwa onse 500, olakwa enieni 475. Apa ndiye 95 pa 100 yakwana ndendende. Kakapu ndi kamodzimodzi, namwino yemweyo, koma kuno ukagwidwa pafupifupi palibe chokana, pamene kuja ukagwidwa mwayi waukulu ndi woti ndiwe wosalakwa. Chodabwitsa nchakuti pamalo pakakhala anthu ambiri akhalidwe labwino, mpamenenso ogwidwa ambiri amakhala onamiziridwa.

Nanga 99 ya bwana uja? Bwererani ku antchito 1,000 aja. Osuta 20 agwidwa pafupifupi onse. Mwa osasuta 980, mmodzi pa 100 alionse ndi anthu pafupifupi 10. Ogwidwa 30, osalakwa 10. Mmodzi mwa atatu alionse akupita kwawo ndi chikwama chimodzi popanda mlandu.

Masamu amenewa si atsopano. Adawayamba ndi m'busa wa Presbyterian wa ku Tunbridge Wells ku England, Thomas Bayes, amene adamwalira mu 1761, ndipo mnzake Richard Price ndiye adatulutsa zolemba zakezo mu 1763. Ife a CCAP a ku Embangweni tikhoza kunena kuti ndi mbale wathu mu mpingo, ngakhale a sesheni amene adaimitsa mwana wathu ku kwaya sadamufunse nzeru.

Ndipo musadzione otsalira ngati mutu wazungulira. Mu 1978 ofufuza ena ku America adafunsa anthu 60, madokotala ndi ophunzira udokotala a ku Harvard, funso longa lomweli: matenda amene amagwira munthu mmodzi pa 1,000, choyezera chonamizira anthu abwino 5 pa 100, munthu wapezeka nawo, mwayi woti akudwaladi ndi wotani? Pafupifupi theka adati 95 pa 100. Yankho lenileni ndi 2 pa 100, chifukwa wodwala weniweni ndi mmodzi pamene onamiziridwa ali pafupifupi 50. Amene adakhoza adali 11 okha. Ngati madokotala a ku Harvard adagwa, kuli bwanji kapitawo wa m'shedi ku Joni?

Komabe panali chimodzi chondisowetsa mtendere. Mnyamata wathu adayezedwa kawiri. Ndidafunsa mdala uja kuti kodi kachiwiriko sikathetsa nkhani?

Adati zimadalira. Mukatenga anthu 68 aja nkuwayezanso ndi njira ina yosiyana ndi yoyamba, yolondolanso 95 pa 100, mwa osuta 19 mutsala 18, mwa onamiziridwa 49 mutsala awiri kapena atatu basi. Apo zinthu zayera. Koma izi zimatheka pokhapokha ngati kulakwa koyamba kudali kwa mwangozi, ndipo njira yachiwiri ili yosiyanadi. Ngati m'thupi mwa munthu muli chinthu chimene chikupusitsa kakapuko, mukhoza kutsegula bokosi lonse, timakapu tonse tinama bodza limodzimodzi. Sikelo yokhota ukayezapo nyama kawiri siiwongoka.

"Mukamufunse mwana wanuyo," adatero, "ngati ankamwa mankhwala ena alionse."

Ndidamufunsa. Adakhala chete nthawi yaitali, akukumba pansi ndi kamtengo. Kenaka adati, "Asibweni, izi amama ndidawauza dzulo lomweli. Ndili pa ma ARV chiyambire 2015."

Ndalemba izi atandilola yekha, bola ndisatchule dzina.

Piritsi limene ankamwa usiku uliwonse lidali ndi mankhwala otchedwa efavirenz, omwe adalinso m'piritsi lija kuno kwathu odwala ankalidziwa ndi dzina loti 5A. Zotsalira za efavirenz zikamatuluka mu mkodzo zimapusitsa mitundu ina ya zoyezera chamba, nkuonetsa ngati munthu wasuta pamene sadasute. Si mitundu yonse ayi, koma ina. Nkhaniyi si ya mphekesera: kapepala ka opanga mankhwalawo kamachenjeza za izi, ndipo akatswiri a pa yunivesite ya Pretoria, m'dziko lomwelo, adalembapo za vutoli mu 2012, zaka zisanu mwana wathu asanapatsidwe kakapu.

Kodi namwino sadamufunse za mankhwala? Akuti adafunsa, koma pagulu, anzake a ntchito ali pamzere pomwepo, ena a kwathu konkuno. Iye adati palibe. Ataona mzere umodzi uja sadaganizeko nkomwe kuti piritsi lake likukhudzidwa. Ndipo adandiuza mosabisa kuti ngakhale akadadziwa, mwina akadangolola kutchedwa wachamba kusiyana nkuti mbiri inayo ifike ku Embangweni. Apa ndiye padandiwawa ine. Tidamanga mudzi umene mnyamata amaona kuti dzina la chamba ndi lopepukirako.

Kuchokera mu 2019, Malawi ndi South Africa adayamba kusinthira anthu ambiri ku piritsi la dolutegravir, lomwe kuno amati 13A, choncho omwa efavirenz adachepa kwambiri. Koma si efavirenz yekha amene amasokoneza timakapu. Rifampicin, mankhwala a TB aja amafiiritsa mkodzo, amatha kupusitsa zoyezera zina za mankhwala a gulu la heroin. Nawo codeine wa m'mankhwala ena a chifuwa ndi opha ululu ndi wa gulu lomwelo, ndiye amaoneka ndithu. Wina asandimve molakwa: palibe chifukwa chosiyira ma ARV kapena mankhwala a TB poopa kakapu. Ntchito imapezeka ina. Chofunika nkupempha kuonana ndi namwino panokha, nkumuonetsa khadi kapena botolo la mankhwala musanakodze.

Kakapu ntchito yake nkusefa chabe, monga mmene mumasankhira tomato mwachangu m'mawa musanayang'anitsitse mmodzimmodzi. Amene kamuloza, mkodzo womwewo umayenera kumatidwa nkutumizidwa ku labotale, kumene makina otchedwa GC-MS amafufuza chamba chenichenicho, osati chinthu chofanana nacho. Makina amenewo efavirenz sawapusitsa. Koma amadya ndalama ndi masiku. Kampani ya mwana wathu sidatumize. Ine ndimamukhulupirira mwanayu, koma mfundo yanga sili pa chikhulupiriro changa: amene adamchotsa ntchito adalibe umboni, adali ndi sefa chabe.

Makhoti a ku South Africa komweko ayamba kuziona izi. Mu 2019 kampani ya migodi ya Samancor Chrome idachotsa wantchito wina chifukwa kachipangizo kopumiramo kadaonetsa mowa, kangapo konse. Iye adakayezetsa magazi ku labotale ndipo mowa sudapezeke. Bungwe lomva madandaulo a antchito la CCMA lidalamula kuti abwerere pantchito, kampani idakadandaula ku khoti la zantchito, ndipo mu 2023 khotilo lidagwirizana ndi CCMA. Nkhani inanso ndi ya mayi wa mu ofesi ku Barloworld Equipment amene adachotsedwa mu 2020. Uyu sadakane, ankagwiritsadi ntchito chamba kunyumba kwake, chinthu chimene khoti lalikulu la malamulo a dzikolo lidaloleza kwa akuluakulu mu 2018. Mu April 2024 khoti la apilo lidati kumuchotsa kudali kulakwa, nkulamula chipukuta misozi cha malipiro a miyezi 24. Mfundo ina pamenepo idali yoti mkodzo suonetsa kuti munthu waledzera lero. Kwa wosuta kwambiri zotsalira zimatha kuonekabe patapita masabata. Koma woyendetsa forklift kapena wa mumgodi asadzinamize ndi chigamulo chimenechi, ntchito zangozi malamulo ake ndi okhwima. Ndipo kuno kwathu, ngakhale Nyumba ya Malamulo idaloleza mu 2020 ulimi wa chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa okhala ndi chiphaso, kusuta ndi mlandu ndithu. Apolisi a pa rodibuloko ya Jenda sadapume.

Chimene mwana wathu sadadziwe nchakuti wochotsedwa ntchito ali ndi masiku 30 okadandaula ku CCMA, ndipo salipira kanthu potero. Khoti la zantchito lidagamulanso kale mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health, kuti mlendo amene chilolezo chake chogwirira ntchito sichili bwino ndi wantchitobe pamaso pa lamulo. Iye masiku 30 amenewo adathera kufunafuna ya transipoti yobwerera kumudzi. Inu amene muli ndi ana ku Joni, mukamaimbirana pa WhatsApp muwauzeko izi, osangofunsa kuti atumiza liti.

Tsono pali malo amodzi kuno kwathu kumene masamu a Bayes amatsatidwa tsiku ndi tsiku, ngakhale ambiri sitidziwa. Amene mudakayezetsapo magazi pa chipatala cha boma ku Mzimba, ku Embangweni kapena kwina kulikonse, mudaona kuti choyezera choyamba chotchedwa Determine chikaonetsa mizere iwiri, mlangizi sakuuzani zotsatira nthawi yomweyo. Amatsegula china cha mtundu wina, Uni-Gold. Ena amaganiza kuti woyezayo akukayika ntchito yake kapena akuononga zipangizo. Ayi. Ndi lichero la mdala lija: sefa yoyamba, kenaka yachiwiri yosiyana nayo. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2020 mpaka 2021 adapeza kuti akuluakulu 8.9 pa 100 alionse ku Malawi ali ndi HIV, koma ambiri mwa iwo amadziwa kale ndipo ali pa mankhwala, kotero mwa obwera kudzayezetsa opezeka nako amakhala ochepa. Nyemba zachepa, chimanga chachuluka. Nchifukwa chake mu 2019 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidalangiza kuti kumene opezeka nako atsika kufika pansi pa 5 pa 100 alionse oyezedwa, munthu azitsimikiziridwa ndi zoyezera zitatu zosiyana, ndiponso aziyezedwanso asanayambe mankhwala. Munthu amene wadutsa m'masefa onsewo asadzinamize kuti makina alakwa. Kusiyana kwake ndi kakapu ka ku Joni nkomweko: kuchipatala amasefa ndi zida zosiyana, kushedi kuja adatenga kawiri m'bokosi limodzi.

Tsiku lina la msika ndidapita ku Jenda ndi nyemba ndi chimanga m'thumba la jekete, nkukayala pabenchi la mlongo wanga pakati pa milu ya tomato. Amayi oyandikana naye adasonkhana. Iye adawerenga yekha, mwachangu kuposa ine, pajatu amawerenga ndalama tsiku lonse. Atafika pa 49 adaima.

"Adumbu," adatero, "ndiye kuti mwana wanga ndi njere imodzi ya chimanga ichi?"

Ndidati ine ndikuona choncho.

Mayi wina wogulitsa anyezi adati zonsezo nzabwino, koma utsi sufuka popanda moto. Mlongo wanga adamufunsa ngati pepala la ndalama limene banki idamukanira chaka chatha adalipanga yekha. Padali phokoso ndithu mpaka wogula wina adafunsa ngati nyembazo zili pamalonda.

Mnyamata uja ku Joni sadabwererenso. Adagula njinga yamoto ya pangongole ndipo amanyamula anthu pakati pa Jenda ndi Embangweni. Mankhwala akumwa, thupi lili bwino, ku kwaya adamubwezera patatha chaka. Anzake a kabaza mpaka lero amamuitana kuti Rasta, iye amangoseka nkuvomera. Ukwati uja udatha usanayambe. Pa ng'ombe ziwiri zija akuchikazi adabweza imodzi, inayo ati idafa.